Zala za ku Kabulonga

Dzulo ndinachepetsa windo pa kompyuta, mizere yonse n'kusokonekera, ndipo nditadina batani la muvi panangotuluka zilembo. Pomwepo ndinamva fungo la polishi wa mu ofesi ya atate m'tauni.

Linali Loweruka lina, ndili mwana. Atate anatitenga awiri, ine mwana wawo wa ku Kabwata ndi msuweni wanga Tamara wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera. Titafika pa kompyuta ya mu ofesimo, anatichenjeza kuti manja akhale kumbuyo, makinawo ndi a boma. Galasi lake linali lakuda, zilembo zobiriwira. Lipoti linkafunika Lolemba, koma atate akadina muvi kuti akwere mzere wapamwamba, pankangotuluka A, A, A. Thukuta linali kamukamu, kuopa abwana.

"Amalume, osagwila tumivi," anatero Tamara. "Dinani kabatani ka pakona aka, mukwele na k. Ndiye mwamene badadi amachitila."

Zinatheka. Atate anamunyamula n'kumukhazika pampando wawo wozungulira, n'kumulola kuti alembe dzina lake. Ine ndinaima pambali, manja akadali kumbuyo monga anandiuzira. Womvera ndinali ine, koma pampando panakhala iye.

Ndinkakhulupirira kuti makinawo amazindikira zala za ana a ku Kabulonga. Sabata yonse ndinkakhula manja ndi mwala kubafa, kuti ulendo wina andimvere nanenso. Ulendo winawo sunabwere.

Lero ndikudziwa kuti kiyibodi ndi pulogalamuyo zinkangosemphana, ndipo vuto la dzulolo ndinalikonza tiyi asanazizire. Koma Tamara, amene za tsikulo sakumbukira n'komwe, akandiimbira foni ndimaisiya ilire kaye.