Tsiku limene adzukulu anakhalira makasu

Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako fizi inanditsanzika mwaulemu. Ndinabwerera ku Ntchisi ndi katundu muwiri: jekete lakuda, ndi nzeru yakuti malamulo a dziko lino amapatsa wantchito aliyense masiku atchuthi chaka chilichonse. Pa ziwirizi, jekete ndi limene linandithandizako.

Ntchito ndinaipeza pa Malomo, m'sitolo yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a fodya. Eni ake anali mkulu wa mpingo, munthu woyamba ndi pemphero ngakhale potsegula loko. Antchito tinalipo awiri, ine ndi mwana wa mchemwali wawo. Mnzangayo anali ndi tchuthi chamitundumitundu: cha chimfine, cha ukwati wa mnzake, cha mpira, ngakhale cha kutopa ndi tchuthi. Ine changa chinali Lamulungu, lole ya katundu ikapanda kubwera.

Za maliro abwanawo anali ndi chiphunzitso chawochawo. Ankati maliro ndi a tsiku ndi tsiku koma sitolo ndi imodzi, ndipo iwo akapita kukakhuza ndiye kuti sitolo yonse yakhuza, ine ndi sikelo yomwe. Tsiku lina ndinayesa kutchulako malamulo aja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati ali pa ulaliki. Kenako anandifunsa ngati malamulowo anasenzapo thumba la feteleza. Anandikumbutsanso mwachikondi kuti panja pali anyamata ambiri amene sukulu yawo anamaliza.

Kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri, kulinso lamulo lake losalemba. Adzukulu, amuna okumba manda, amaona amene wabwera pamaliro ndi amene sanabwere, ndipo saiwala. Kwa zaka zingapo ine sindinaoneke. Ndinkatumiza kachipepeso, ndipo amalume anga, amene anandilera nagulitsa fodya wawo kuti ndikalawe koleji, ankandiyankhira kuti mwana ali ku ntchito. Chifukwa cha ulemu wawo anthu ankangoti chabwino.

Amalumewo anamwalira mu Okutobala, dzuwa lili ng'aa, alimi atayamba kudzaza sitolo. Nditawauza abwana, anati pepani kwambiri, nandifunsa ngati anali bambo anga ondibala. Ndinati ayi, ndi amalume.

"Amalume ndi ambiri, mwana wanga," anatero.

Amene ankanena izi ndi Mchewa mnzanga, pomwe mwana wa mchemwali wawo uja anali atakhala pampando pambali pawo akudya chiponde. Komabe mtima wachikhristu unawagwira. Anandipatsa tsiku limodzi: ndipite, ndikaike, m'mawa mwake ndidzatsegule.

Ndinafika kumudzi madzulo. Kutacha, adzukulu ananyamula zida zawo kupita kumanda monga mwa nthawi zonse. Posachedwa kunabwera uthenga woti ndikufunika. Ndinapita nditavala jekete, ndikuganiza kuti akufuna ndikaloze malo. Malo anali ataloza kale, atalemba ndi khasu ngodya zonse zinayi, atapalapo udzu bwinobwino. Iwowo anali pansi pa mtengo, atakhalira mipini ya makasu, ena akupichira fodya.

Mkulu wawo, bambo wokonza njinga amene anandidziwa ndili wosavala, anandilonjera mwaulemu woopsa.

"Mwafika, abwana? Timamva kuti inu mumakhala pa ntchito. Ndiye ife malova tagwirizana kuti lero titengeko tchuthi."

Ndinafotokoza kuti si kufuna kwanga, kuti abwana anga salola. Anandimvetsa ndithu. Anati ngati ndi choncho ndiwaimbire abwanawo abwere adzakumbe. Wina anandipatsa piki, nandifunsa ngati ku koleji anatiphunzitsa mbali yogwira.

Ndinavula jekete n'kuyamba. Nthaka ya kwathu mu Okutobala ndi miyala imene yangofunda dothi pang'ono kuti isachite manyazi. Piki inkadumpha ngati yagunda chitsulo. Amalume analibe mwana wamwamuna, ndipo abale ena amene akanandithandiza anauzidwa kuti wogwira fosholo ayambe waganiza za maliro a kwawo. Anaganizadi. Dzuwa lili pamutu, dzenje linali lisanafike m'mawondo. Adzukulu ankandilangiza kwaulere, wina kuti ndikupotoza, wina kuti amalume anali aatali, ndisawaumire.

Kunyumba ya siwa amayi a mvano anaimba nyimbo zonse zimene ankazidziwa, n'kuziyambiranso. Abusa anadikira mpaka anapita, poti anali ndi maliro ena. Abale ochokera ku Chisepo, amene anabwera ndi maganizo obwerera tsiku lomwelo, anayamba kufunsa kogona. Ndipo kunali kutentha. Sindinena zambiri pamenepa, koma madzulo bokosi analitulutsa m'nyumba kuliika pakhonde, ndipo amayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, ankalikupiza ndi chitenje. Nditabwerako kumanda kuja sanandikalipire. Anangoyang'ana manja anga, n'kuyang'ana kumbali.

Mlandu unatha ndi mbuzi, ya amalume omwewo, imene ankaisunga kuti adzagulire mbewu ya chaka chimenecho. M'mawa mwake ndinagwada pamaso pa adzukulu n'kupepesa chifukwa cha maliro onse amene sitolo inandikhuzira. Analandira. Analowa m'dzenje langa, naliwongola akuseka, ndipo dzuwa lisanakwere manda anali atatha. Sindinganene kuti analakwa. Amene amakumbira anzawo chaka chonse popanda malipiro ali ndi chifukwa chofunsira. Koma wolakwa weniweni anali pa Malomo akuyeza mbewu, ndipo amene ananunkha pakhonde ndi munthu amene sanajombepo maliro m'moyo wake wonse.

Ndinafika ku sitolo tsiku lotsatira. Pa kauntala panali mnyamata wina wa kwaya ya ku mpingo kwawo, atavala kale ovolosi yanga. Abwana anandilandira ndi nkhope yachisoni. Anafunsa ngati mwambo unayenda bwino, ndipo ndisanayankhe anandiuza kuti munthu wopatsidwa tsiku limodzi n'kutenga awiri ndiye kuti wathawa ntchito, ndipo wothawa sachotsedwa, amadzichotsa yekha. Za malipiro a mwezi umenewo anati tidzakambirana mitima ikakhala pansi.

Kenako anaona manja anga.

"Koma ndiye mwalimba, achimwene. Lole ikubwera masana ano. Ngati mukufuna ganyu yotsitsa, sindingakumaneni."

Ndinaganizira za ulemu wanga, ndinaufunafuna m'matumba onse, kenako ndinavomera. Matuza anaphulika ndisanapite patali, ndipo feteleza akalowa pachilonda amalankhula. Abwana anaima pakhomo akuyang'anira ntchito, nandipempha mofatsa kuti ndizisamala, chifukwa alimi sakonda kugula thumba lokhala ndi magazi.