Mfutso wa Azakhali pa Denga la Chipatala

Mwana wa azakhali anga anandiimbira foni kuchokera kutauni ya Barking, komwe azakhaliwo amakhala. Anati mayi ake ayamba kusokonekera mutu, ndipo wawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba. Umboni wake unali umodzi: tsiku ndi tsiku ankakamba za katauni ka m'mapiri a ku Wales, komwe ankati anayambira unamwino pachipatala cha anthu oswa miyala. Iye atafufuza pa intaneti anapeza mahotela okhaokha.

Ndinagwirapo ntchito ya utolankhani, choncho nkhani ya munthu mmodzi sindiikhulupirira. Ndinkawakayikira onse awiri: azakhali chifukwa cha zaka, mwana wawo chifukwa nyumba ya mayi akewo ankaifuna. Loweruka lina ine ndi azakhali tinakwera sitima ya pamtunda yopita kukatauniko.

Tinafika masana. Mumsewu waukulu munali mashopu okhaokha: nsapato zokwerera mapiri, maswiti, makapu ojambulidwa nkhosa. Pasitolo ina analembapo kuti ndi yakalekale, koma penti inali ikununkhabe. Ndinatembenuza kambale ka mwala, pansi pake panali dzina la dziko lina. Azakhali ankangoyang'ana uku ndi uku. Ndinayamba kuganiza kuti mwana wawo akunena zoona.

"Iwe, kutsogolo kuno sitinkadutsako," anatero azakhali. "Ife tinkalowera kumbuyo."

Anakhotera m'kanjira ka mabini a zinyalala, ine pambuyo. Kumapeto kwake kunali nyumba yaitali ya miyala, yomwe pano amagulitsiramo khofi. Chikwangwani cha chipatala panalibe. Bambo wina wokalamba ankasesa pakhomo la katchalitchi koyandikana nayo. Nditamufunsa ngati nyumbayo inali chipatala anavomera msanga, ndipo sizinandisangalatse. M'matauni otere anthu amavomera chilichonse chimene mlendo akufuna kumva.

"Ngati munalipodi, anamwino achikuda mukuwakumbukira ndi chiyani?" ndinafunsa m'Chingelezi.

Anawayang'anitsitsa azakhali. "Analipo mmodzi yekha. Ankawiritsa masamba a kabichi n'kuwayanika padenga la kochapira zovala. Ndi dzuwa la kunoli! Odwalafe tinkasuzumira pawindo kudikira kuti mvula iwavumbe."

"Mfutso wanga unkaola wonse," azakhali anandiuza m'Chichewa. "Ndipo ankaseka kwambiri ndi yemweyu, mwendo uli m'pulasitala."

Nkhani ya mfutso ndinali ndisanaimvepo, ndipo m'kabuku ka alendo kamene ndinatola pasiteshoni munalibe.

Tili m'sitima pobwerera, ndinamuimbira mwana wawo uja. Anafunsa ngati bamboyo ndinamunong'oneza zoti anene. Komabe mafomu a kunyumba yosungirako okalamba ija sanasaine. Azakhali akadali m'nyumba mwawo ku Barking, ndipo makiyi amayenda nawo m'chikwama.