Chaka Chimene Ndinkadzaza Machubu

Amuna anga anamwalira pamsewu waukulu, kumunsi pang'ono kwa Mlangeni, atanyamula matumba a makala panjinga. Lole inawagunda pokhota. Anthu amene anabwera kudzandiuza anandipeza ndikupalira kachewere kudimba, ndipo ndikukumbuka kuti ndinayamba ndamaliza mzere umene ndinali nawo ndisanawatsatire. Sindinalire tsiku limenelo, ngakhale pamaliro. Amayi akumpingo ankandigwira paphewa, ena kundiyang'ana m'maso. Ine ndinkangoona zonse ngati zikuchitikira munthu wina wa mudzi wina.

Patapita miyezi, mlongo wawo wa amuna angawo anandipeza nditakhala pakhonde, dzuwa litakwera kale.

"Mlamu, dzukani. A kampani ya magetsi atsegula nazale kumtsinje. Akufuna anthu odzaza dothi m'machubu ofeseramo mitengo."

"Magetsi ndi mitengo zikukhudzana bwanji?"

"Kaya. Tiyeni mukamve nokha. Kungokhala chonchi mudwala nako."

Ndinapita chifukwa kukana kunafuna mawu ambiri kuposa kuvomera.

Nazaleyo inali chisakasa cha udzu pafupi ndi madzi. Mlangizi wathu anali mayi wachitsikana wovala majombo, wotumidwa ndi kampaniyo. Anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti mvula ikagwa pamapiri opanda mitengo, dothi limatsetsereka ndi mitsinje mpaka ku Shire, n'kukatseka pamene makina opangira magetsi amamwera madzi. Makina akaima, m'tauni mumada.

"Chaka chilichonse timakumba matope, chaka chamawa abweranso," anatero. "Ndiye akuluakulu athu aona kuti ntchito iyambire kuno kumtunda. Mapiri anuwa akafa, ifenso malonda athu afa."

Bambo wina anaimika mkono. "Mayi, mawaya anu amangotidutsa pamutu. Ife tisamalire magetsi a anthu ena?"

"Mukunena zoona, bambo. Nkhani yoti nanunso mulandire magetsi tinaipereka kwa akuluakulu. Koma tsiku sindikulonjezani."

Chinanso chimene ananena ndinkachidziwa kale: magetsi akamathimathima m'tauni, makala amayenda malonda, ndipo mitengo imagwa yambiri. Amuna anga ankasangalala nyengo zoterozo. Ankadzuka kusanache, kupopa matayala, kumaimba mluzu. Mlangiziyo akulankhula, ndinayembekeza kuti mwina ndipsa mtima, kapena ndichita manyazi. Palibe chimene chinabwera. Ndinkangoyang'ana majombo ake.

Ntchito yake inandikomera pa chifukwa chimodzi, sinkafuna kuganiza. Kusefa dothi, kusakaniza ndi manyowa ndi mchenga, kudzaza chubu, kugogoda pansi, kuika pamzere. Kenako china. Anzanga ankacheza za ukwati wa uje, za mtengo wa feteleza, za mpunga wa ku Bwanje. Ine manja okha ndiwo ankayenda. Mbande za msangu, mthethe ndi mbawa zitamera, anzanga anakondwa n'kumaitanizana kuti adzaone. Ndinaona. Zinali zobiriwira.

Mvula itayamba tinasenza mbandezo kupita nazo kuphiri. Malo amene anatigawira gulu lathu anali omwe aja amuna anga ankaotcherako makala. Pansi panali mabwalo akuda, pamene panali mauvuni awo, ndi zitsa zimene nkhwangwa yawo inasiya. Mlamu wanga atazindikira anaima.

"Tipemphe atisinthe malo."

"Ayi, pano pomwe pali bwino," ndinatero. "Dothi lake ndi lofewa."

Ndinakumba dzenje pakati pa bwalo lakudalo. Makala ang'onoang'ono ankatuluka ndi khasu. Ndinang'amba chubu, kuika mbande, kukwirira, kupondaponda.

Tsiku lina kunabwera akuluakulu a kampani pa magalimoto oyera. Mlangizi ananditengera pambali. Anali atamva mbiri yanga.

"Amayi, mungalankhuleko pang'ono? Ngati simukufuna musadzikakamize."

Ndinavomera. Nditaima pamaso pa anthuwo, mmodzi anandilozetsa foni yojambulira. Ndinati, "Amuna anga ankadula mitengo pano kuti ana adye. Anamwalira. Ine ndikubzala kuti ana adye." Ndinafufuza mawu ena koma munalibe. Anthu anaomba m'manja mochedwerako. Bwana wina wa imvi anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kunena kuti pepani. Ndinamuyankha kuti zikomo, ndikudabwa kuti iyeyo zamukhudza chotere.

Chilimwe chotsatira moto unalowa m'phirimo. Ena ankati ndi osaka mbewa, ena ankati ndi ootcha makala amene anakwiya. Tinathamangira ndi nthambi zaziwisi koma mphepo inali yamphamvu. Mbali yaikulu inapsa. Mlangizi uja anakhala pamwala n'kulira ngati mwana, phulusa lili m'tsitsi. Ine ndinaima pambali pake, osadziwa chochita ndi manja anga.

"Amayi, ndikanena chiyani ku ofesi?"

"Mukanene kuti kwapsa. Machubu alipo?"

Anagwedeza mutu kuti alipo.

Kampani sinatisiye. Inatumiza mbewu zina, ndipo ulendo uno tinalambula njira zotchinga moto tisanabzale. Ootcha makala ena anawalemba ntchito yolondera, ena anawapatsa ming'oma ya njuchi kuti aipachike m'nkhalangomo. Ena anangosamukira kumapiri akutali ndi nkhwangwa zawo.

Lero mitengo ina yandipitirira msinkhu. Mawaya anatsika pamsika pathu, chigayo cha dizilo anachisintha, ndipo mwana wanga wamkazi amatchaja foni pagolosale. Kunyumba kwanga mawayawo sanafike. Ngati matope achepa ku Shire, sindikudziwa, sindinafikeko.

Mlangizi uja anamusamutsira kwina. Amene anabwera m'malo mwake ndi bambo wokonda kuseka. Tsiku lake loyamba anayenda nane m'nkhalangomo, akugwira makungwa, akuyang'ana m'mwamba.

"Amayi, mukamaona zonsezi mumamva bwanji mumtima?"

Ndinaganiza kuti ndimupatse yankho loona.

"Ikukula," ndinatero.

Anadikira kuti ndipitirize. Ataona kuti ndatha, tinatsikira kumtsinje, ine n'kuyamba kutunga madzi othirira.