Bokosi la kaputeni wa malasha

Kagulidwe kanga ndi kamodzi, ndinakaphunzira pa kaunjika ku Limbe: chinthu ukachikonda, chinyoze. Kuno ku Glasgow kandidyetsa zaka zambiri, mpaka Loweruka lina ku Maryhill.

Mayi wina wachikulire, mzungu wa konkuno, ankasamuka m'fulati yake ya pamwamba ndipo ankagulitsa katundu. Maso anga anagwera pa bokosi lamatabwa la zogwirira zamkuwa. Mtima unadumpha, koma nkhope ndinaiumitsa.

"Linali la agogo a bambo anga," anatero mayiwo. "Anali kaputeni wa sitima yapamadzi. Ankanyamula malasha kuchokera kuno kupita kumadoko a ku Africa, kenako n'kuyamba kugulitsa okha."

"N'chifukwa chake likununkha utsi," ndinatero. "Mayi, izi ndi nkhuni. Zam'katizi ndiye zinyalala, ngakhale zaulere ndingakane."

Zam'katizo sindinazifufuze n'komwe, ndinangoona nsanza pamwamba. Mayiwo anaitana bambo amene ankawathandiza kusamuka. Iye anakhuthulira zonse m'thumba lakuda n'kutsika nalo. Mtengo unatsikadi, ine n'kumadziwombera m'manja chamumtima. Mpaka mayiwo anandiphikira tiyi.

Tili mkati momwa, anatulutsa chithunzi chakale. Kaputeni uja, ndevu mpaka pachifuwa, ataima m'mbali mwa mtsinje. Kumbuyo kwake amuna akuda atasenza matumba a malasha. M'dzanja lake atalendewetsa chinthu, atachigwira nthenga ngati nkhuku ya pamsika.

Tiyi ananditayikira pabondo. Kwathu ndi ku Dedza ine. Ndisanakhale munthu wa tayi wolandira alendo pakhomo la tchalitchi, ndinalowa kudambwe. Chinthucho chinali chigoba cha gule wamkulu.

"Amati anasinthanitsa ndi malasha," anatero mayiwo. "Kapena anangotenga, munthuyo sankakonda kupempha. Ana anga ankachivala pa Halowini, kukapempha maswiti m'makomo."

"Ana? Maswiti?" Ndinadzambatuka. "Pano chili kuti?"

"Si mwati zinyalala?"

Masitepe amenewo sindikumbuka kuti ndinawaponda. Pansi, m'chibini chachikulu chachitsulo, bambo uja anali ataponya kale sinki yosweka pamwamba pa thumbalo. Ndinakwera momwemo ndi nsapato zanga za Lamlungu.

"Mzanga, wataya tikiti ya lotale?" anandifunsa akuseka.

Ndinang'amba thumba. Chigobacho chinali chitang'aluka pawiri, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Utoto wofiira unalipobe. Mkati munali mosalala, mmene munkakhuza nkhope ya munthu amene sindidzamudziwa. Chinapulumuka nyanja, chinapulumuka kaputeni, ana a azungu anachilephera. Chinafera pakamwa panga.

Ndinavula jekete n'kuchikulunga msangamsanga, poti munthu wamayi sayenera kuchiona chotere. Ndinachita manyazi pambuyo pake: mayiwo anali atachipukuta fumbi moyo wawo wonse.

Anali atatsika pang'onopang'ono, ataima pakhomo ndi ndodo yawo.

"Ndiye mukuchidziwa," anatero. "Tandiuzeni, n'chiyani kwenikweni? Zaka zonsezi palibe anatiuzapo."

Ine amene ndingagulitse ambulera yobooka mvula ili mkati, ndinangofungatira jeketeyo. Zakudambwe sitiulula, ndinalumbira ndili wamng'ono. Ndinaima m'chibinimo, mphepo ikundilowa m'malaya, zidutswa ziwiri zili pachifuwa.

"Pepani," ndinatero. Mayiwo anaganiza kuti ndikunena iwo.