Oyilo wa Apongozi M'thanki Yanga

Pikiapu ija inabwera kuchokera ku Joni chaka chimene fodya wathu anaposa wa aliyense m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nkhamenya. Ndikuti fodya wathu mwaulemu chabe. Amuna anga anali ku Joni, ndipo wothirira nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa ndinali ine. Choncho atandiimbira foni kuti tiphatikize ndalama zanga ndi zawo tigule galimoto, ndinavomera koma ndinaika lamulo limodzi: woyendetsa ndine. Iwo anaseka. Ine sindinaseke, ndinapita ku Kasungu kukaphunzira mpaka laisensi ndinaitenga.

Inali ya dizilo, yamakono ndithu, yokhala ndi timagetsi tambirimbiri kuseri kwa chiwongolero. Inkanyamula mabelo athu ndi a anansi, soya, feteleza, odwala, ngakhale maliro. Chaka chimene fodya wagwa mtengo, ana anga ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha iyoyo. Aliyense woigwira ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira, kupatula munthu mmodzi yemwe sindikanatha ngakhale kumuyang'ana.

Apongozi anga aamuna anayendetsa malole ndi mathirakitala pa esiteti ina ya fodya kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Pamene ndinkakwatiwa anali atasiya kale, maso atayamba kuchita chifunga. Ine ndine mtengwa, ndipo kuno mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada. Akafuna kundiuza kanthu ankauza apongozi aakazi, ine ndili pomwepo ndikumva, ndipo yankho langa linkadzera njira yomweyo. Zimenezi sizinkandivuta. Ndinkazikonda kumene, chifukwa munthu amene sulankhula naye sukangana naye.

Galimoto itafika, madalawo anatsitsimuka ngati chimanga chomwe chaona mvula. M'mawa uliwonse ankatenga makiyi pamsomali wa pakhonde langa, kupukuta magalasi, kumenya matayala ndi ndodo yawo, kuliza injini n'kuimvetsera mutu atapendeketsa. Ndipo ndikathira dizilo ku Nkhamenya kapena kuboma, m'mawa mwake ankatulukira ndi kabotolo. Munali oyilo uja wothira mu petulo wa njinga zamoto zakale za alangizi, amene amati thusitiroko. Ankayeza ndi chitsekerero mosamala ngati mankhwala a mwana, n'kuthira m'thanki.

"Auzeni amayiwo kuti dizilo wa masiku ano ngwouma," ankatero kwa akazi awo. "Pampu imafuna chonona. Ife pa esiteti lole tinkaisunga choncho, ndipo sinafepo panjira."

Sanali okha. Madalaivala ambiri a pasiteji ankalumbira kuti oyilo ameneyu amafewetsa injini, amachepetsa phokoso, mwinanso dizilo amakhalitsa. Ine ndinkati akuluakulu akudziwa, ndipo kunena zoona zinkandisangalatsa kuona madalawo ali ndi chowadzutsa.

Tsiku lina m'nyengo yogulitsa, nditasenza mabelo, kanyali kachikasu kanayaka ndili pamsewu wa tala. Posakhalitsa galimoto inafooka. Ndikaponda mafuta inkangolira osathamanga, mpaka anyamata a kabaza ankandipitirira akundiimika dzanja monyogodola. Ndinakwawa nayo choncho mpaka pagalaja ina ku Kasungu.

Makaniko wake anali bambo wosachedwa ndi mawu. Analumikiza kamakina kake, anagona pansi pa galimoto, kenaka anandifunsa ngati ndimathira china chilichonse mu dizilo. Nditamuuza anangopukusa mutu. Anati galimoto zamakonozi zili ndi sefa mu ekizozi yogwira mwaye. Mwaye wa dizilo galimoto imauwotcha yokha ikathamanga ulendo wautali, koma oyilo akapsa amasiya phulusa, ndipo phulusa silipsa kawiri, limangodzazana. Sanafune kunamizira oyilo yekha. Anati maulendo anga afupiafupi a kumunda nawonso anathandizira. Koma anandiuza mosapsatira kuti dizilo wa papampu amabwera ndi chonona chake kale, ndipo ndikapitiriza ndidzagula sefa yatsopano imene fodya wa chaka chonse sangaikwanitse. Anaichotsa kuti aitsuke, nandibwezera galimoto patapita masiku.

Nkhani inali yomveka, vuto linali wokainena. Ndinayamba ndi apongozi aakazi. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusola mtedza, kenaka anati, "Mwana wanga, ine bambo amenewa ndakhala nawo zaka zonsezi, koma za injini sindinawatsutsepo. Ukufuna ndiyambe lero ndi mano awiriwa?" Ndinaimbira amuna anga. Iwo ali ku Joni nzeru zinali zotchipa: "Ungobisa makiyi basi, adzatopa okha." Amuna ena amalimba mtima pafoni pokha.

Ndinabisadi. M'mawa mwake ndinasuzumira pawindo. Madala anafika pakhonde, anapapasa msomali, anapapasanso khoma lonse pang'onopang'ono poganiza kuti maso awo ndi amene akuwanamiza. Kenaka anapita pagalimoto nayesa chitseko. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kabotolo kali m'manja, osaitana munthu. Pomaliza anapukuta galasi ndi mkono wa jekete n'kubwerera kwawo. Tsiku lotsatira anachitanso chimodzimodzi.

Zinandinyansa. Si iwo amene anandinyansa ayi, koma njira imeneyi. Munthu wamkulu, wobala amuna anga, kumubisira makiyi ngati tikubisira mwana shuga! Uwu ndiye tikuti ulemu? Ndinaona kuti mwambo umene unaikidwa kuti uwalemekeze ndi womwewo umene unkawasandutsa chitsiru pabwalo langa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Galimoto inali yanga, ana odya za galimotoyo anali anga, ndiye pakamwa ponena panayeneranso kukhala panga.

Ndinavala chitenje chatsopano, ndinatenga makiyi, ndinapita pamene madala anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada chapatali, nkhope nditaloza kumbali. Apongozi aakazi ataona anaponya lichero pansi.

"Adada," ndinatero, "ndabwera ndekha, mundikhululukire. Makiyi ndinabisa ndine. Oyilo uja akuipha galimoto."

Mawu oyamba amene apongozi anga aamuna anandilankhula ine mwini, chikwatiwire, anali akuti, "Wanena zimenezo ndani?"

Ndinafotokoza zonse monga anandiuzira makaniko, za sefa, za mwaye, za phulusa. Ndinkadziwa kuti ndikunena zoona. Anamvetsera, kenaka anati akufuna akamve okha kwa mnyamatayo.

Tinapita tsiku lomwelo. Apongozi aakazi anakhala pakati pathu kuti mudzi usayake moto, ngakhale unayakabe. Pagalaja, makaniko anatulutsa sefa ina yotha imene anachotsa m'galimoto ya munthu wina, yodula pakati. Madala anaigwira, anailemera m'manja, analowetsa chala m'timabowo take natulutsa phulusa lotuwa n'kulifikitsa pamphuno. Anakangana naye ndithu makanikoyo. Anati lole ya pa esiteti inamwa oyilo ameneyu zaka ndi zaka osadandaula. Makaniko anavomera kuti mwina ndi zoona, koma lole imeneyo utsi wake unkangotuluka wonse kupita kumwamba, inalibe chousefa. Madala anafunsa ngati sefayo singangochotsedwa. Anawayankha kuti ena amachotsadi, koma galimotoyo imayamba kuvuta kwina, ndipo iye pa yanga sachita zimenezo. Anafunsanso za pampu, za mafuta a mabuleki, za kutchuna injini ndi khutu monga ankachitira kale. Pa chilichonse yankho linali lofanana: izi zimadzichitira zokha, izo zimafuna kamakina.

Pobwerera tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa pakati pa minda, mapesi a fodya ataima mbali zonse. Pamenepo madala anayankhula, ndipo sanadzere kwa akazi awo.

"Amayi, ndiye kuti galimoto iyi palibe chimene ingafune kwa ine?"

Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanati magalasi amafuna kupukuta, ndikanati khutu lawo ndi lofunikabe. Apongozi aakazi anandiponda phazi kuti ndinene zangati zomwezo. Koma munthu amene wagwira phulusa ndi chala chake sungamupatse switi. Ndinawalemekeza kwambiri moti sindikanatha kuwanamiza.

"Za m'kati mwa injini palibe, adada."

Mpaka lero sindinong'oneza bondo. Galimoto ilipo, kanyali kaja sikanayakenso, ndipo akazi a m'mudzi amene ankanditcha wopanda mwambo ndi omwewo amene amandigogodera mwana akadwala. Koma chisoni cha tsiku limenelo sichinandichoke, ndipo sindifuna kuti chichoke.

Tinawoloka dambo. Kenaka madala anati, "Pa esiteti paja, atabweretsa mathirakitala atsopano, palibe amene anandiuza kanthu. Ndinangofika m'mawa n'kupeza mnyamata wina ali pampando wanga, injini ikulira. Bwana anandiona nalowa mu ofesi. Ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linandiwotcha, ndikudikira woti anene kuti basi, mwatha. Sanabwere."

Anatsokomola pang'ono n'kutembenukira kuwindo, nandithokoza mwachikwawo.

"Yewo, amayi. Inu mwandiuza nokha."