Mapepala a malemu a Tembo pa msika wa Mushili

Ndinanyamuka ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe, Lachiwiri m'mamawa, nditakwiya kale. Mlongo wanga anali ataimba foni kuti mwana wake Agnesi akukulungira zitumbuwa m'mapepala a malemu bambo ake, a Tembo.

Mlamu wangayo anali katekisiti wa Anglikani. Atakula analowa Katolika, ndipo zaka zake zotsiriza anazithera pa makina otaipira, kufotokoza chifukwa chake: za Ukaristia, za mpando wa Petro, za Amayi Maria. Mpingo umene anachokamo sanaunyoze ngakhale pa mzere umodzi. Kope linali limodzi lokha.

M'tauni ya Kitwe ndinakwera minibasi ya ku Ndola. Kondakitala anati fifite kwacha. Ndinalipira, ndi kupempha tikiti.

"Ba shikulu, tikiti mukadyera ndiwo?" anatero kondakitalayo, kunditcha agogo m'Chibemba.

Anthu anaseka, koma anandilembera pa kachidutswa ka katoni ya sopo. Ndili nako mpaka lero.

Panjira tinaima kawiri: apolisi, kenako bambo wina wotsitsa matumba a makala. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandigawira chinangwa chootcha. Ndinayamba ndayang'ana pepala lokulungira. Inali nyuzipepala wamba.

Ndinafika ku Mushili masana, nditasintha basi ku Ndola. Agnesi anali pa benchi lake, mulu wa mapepala ataupsinja ndi mwala.

"Amalume, mwabwera osanena?"

"Ukudziwa chimene ukung'ambacho?"

"Ndikudziwa," anatero, akutembenuza zitumbuwa m'mafuta. "Atate atasintha mpingo, abale a ku Anglikani anasiya kutiyendera. Akatolika ankatitcha obwera. Atamwalira, bokosi la mapepala awo linangokhala pakona. Mbali zonse ziwiri palibe anabwera kudzafunsa."

Ndinapita kukamugulira mtolo wa nyuzipepala zakale, iye nandipatsa zolemba zotsalazo. Za Petro ndi za Maria zinalipo. Za Ukaristia zinali zitapita pafupifupi zonse.

Pobwerera ndinaziyala pamaondo, ndikusanja manambala. Tsamba lina, lamadontho a mafuta, linathera motere: "Sindinachoke chifukwa chodana nawo, pakuti ndiwo anandiphunzitsa kupemphera. Ndinachoka chifukwa"

Tsamba lotsatira panalibe. Wina ku Mushili anapukutira zala zake, nalitaya. Ndaphunzira kuti zolemba za munthu zimafunika kuzisamala maliro akangotha. Mlamu wangayo anataya abale kuti anene chinthu chimodzi, ndipo sitidzachimva m'mawu ake.