Chipolopolo cha mu mgolo wa ba Chanda

Sukulu ndinasiyira Fomu Wanu, ndipo sindinganame kuti vuto linali fizi. Ndinamenya mnyamata wina amene anaseka nsapato zanga, dzino lake n'kugwa, ahedi n'kundiuza kuti ndisadzapondenso pamenepo. Ku Kalingalinga, komboni yathu, aliyense ankadziwa kuti ine Mabvuto sindichedwa kupsa mtima. Amayi analira. Amalume anga, ba Tembo, amene ankawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, sanalankhule zambiri. Anangondisenzetsa zitsulo n'kunena kuti, "Tiye."

Sabata imeneyo ankaika zitsulo zotchinga mbava pa mawindo a kasitolo kena m'tauni, kogulitsa ndi kukonza mfuti. Ine ndinkasalaza powotcherera ndi tupa. Mkulu wina wamfupi, wa ovolosi yabuluu, anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali akuyang'ana. Amenewo anali ba Chanda, Mbemba wa ku Kopala amene anaphunzira ntchito ya zitsulo ku migodi, ndipo ndiwo ankakonza mfuti zonse pamalopo.

"Uyu mwana ali na manja," anatero.

"Manja ali nayo," anayankha amalume, "koma mutu ni wakupya."

"Mutu tizaona. Abwere pa Mande."

Umu ndi mmene ndinapezera ntchito yanga yoyamba. M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kupita m'tauni pamodzi ndi khamu la anthu a m'komboni, ophika m'mayadi, olima maluwa, alonda akubwerera kwawo, fumbi lili kobo. Kadi ya chipani m'thumba lina, kabanzi m'thumba lina. Mpaka lero ndikamva fungo la palafini wosakanikirana ndi mafuta a makina, ndimaona kachipinda kaja: benchi yaitali, vayisi yokutidwa ndi chikopa kuti isakande mfuti, matupa atandandalikidwa kuyambira yaikulu mpaka yopyapyala ngati singano, ndodo zamkuwa zotsukira mpope wa mfuti, ndi kawailesi kamene ba Chanda ankakamenya mbama kakayamba kuvuta. Pakona panali mgolo wodzaza mchenga. Mfuti ikakonzedwa tinkaiyesera mmenemo, moti a masitolo oyandikana nafe anazolowera kumva kulira kwake.

Malamulo anali awiri okha. Loyamba, kamwa ya mfuti iziloza ku mgolo nthawi zonse. Lachiwiri, mfuti iliyonse ikafika m'manja mwako, chotsa magazini yosungira zipolopolo, kokera kumbuyo silaidi, chitsulo choyenda pamwamba pa mfuti, yang'ana m'chemba mmene mumakhala chipolopolo, kenako lowetsamo kachala kuti chala chivomereze zimene maso aona.

"Olo akuuze abusa kuti mulibe kanthu," ankatero ba Chanda, "iwe yangana."

Ankandichititsa zimenezi ngakhale pa mfuti imene tangoimanga tonse awiri, zidutswa zake ndazitsuka ndekha. Ndikaiika pansi kuti ndimwe tiyi, ndikaitolanso, ndiyambirenso. Dzanja likangopatuka pang'ono kuchoka ku mgolo, ndodo yamkuwa inkatera pa nkhonyo zanga. Ndinkatukwana chamumtima. Ndinkaona ngati mdalayo akungofuna kundizunza.

Ntchito yambiri inali ya zifefe za alimi ndi mfuti zazitali za alenje. Mapisitoli ankabwera mwa apo ndi apo, chifukwa chiphaso chake ku polisi sichinali chapafupi, ndipo eni ake ambiri anali anthu apamwamba. Amene ndinkawakonda ndi aja oti ukawomba, silaidi imabwerera yokha, n'kutaya chigoba, n'kulowetsa chipolopolo china. Ena anali otchipa, ena mtengo wake unkaposa malipiro anga a chaka chonse. Tsiku lina ndinafunsa ba Chanda kuti munthu akulipira chiyani pamenepa, popeza zonse zimalira mofanana.

Anamasula ziwiri n'kuziyala pa nsanza. Yotchipa inali ndi zipsera za makina mkati, ukaigwedeza inkachita phokoso ngati chitini cha misomali, thiriga yake, kokoka ndi chala powomba, yolimba moti pokoka dzanja lonse linkagwedezeka. Inayo, yochokera ku Jeremani, mkati mwake munali mosalala ngati galasi. Silaidi inkayenda mwakachetechete, zidutswa zogwirana bwinobwino popanda mpata, ndipo thiriga inkangofuna kuti uikhudze. Ndinaigwira ngati dzira. Pamenepo ndinagamula ndekha kuti yodula ndiye mfuti, zinazi ndi zidole, ndipo ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzakhala ndi yanga.

Pisitoli ya mtundu umenewo inagulidwa ndi bwana wina amene tinkamutcha ba Safari, chifukwa sankavala china koma suti ya safari. Anali ndi udindo ku kampani ina ya boma, famu kunja kwa tauni, ndi dalaivala womudikira panja. Atakhala nayo miyezi ingapo anaibweretsa kuti itsukidwe, ndipo ba Chanda anandipatsa ine. Ndinaitsuka ndi mtima wonse, dontho limodzi la mafuta apa, lina apo, monga anandiphunzitsira.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere. Sabata ina, pisitoli ija itabwerera kale kwa mwini wake, amayi anaima pamzere wa mafuta masiku atatu, tsiku lililonse mafuta n'kuthera anthu ochepa patsogolo pawo. Lachisanu m'mawa ndinawasiya atakhala pakhomo akusisita miyendo yotupa, botolo lopanda kanthu lili pambali. Ndinafika kuntchito mtima uli kale m'mwamba.

Cha m'ma teni koloko ba Safari analowa osapereka moni, n'kuponya pisitoli ija pa kauntala, gwa!

"Ba Chanda, vinthu vanu vodula ni vabodza. Nayesa ku famu, yalira kamodzi, yakana. Ni aka kamwana kanu kanaononga!"

Ba Chanda anali chapafupi ndi mgolo, chifefe chili m'vayisi, manja ali bii. Anandikodola ndi mutu kuti ndione. Nditangoitola ndinamva kunanda m'manja, ngati ulimbo. Ndinainunkhiza. Fungo lake ndinkalidziwa bwino, linali la chiwaya cha zitumbuwa.

"Bwana, mwathiramo mafuta yophikira," ndinatero.

"Nanga mafuta si mafuta? Kunyumba yaliko yambiri, nathira kuti isachite dzimbiri."

Yaliko yambiri. Ndinaona miyendo ya amayi. Makutu anayamba kutentha. Komabe dzanja linapita ku silaidi kuti ndikoke monga mwa lamulo, ndipo bwanayo ataona anatulutsa magazini m'thumba n'kundigwedezera pamphuno.

"Uyangana chani? Magazini iyi apa, nachosa neka. Uganiza ndine chipuba? Iwe wa mu komboni, olo sukulu sunasilize, uzaniphunzisa mfuti?"

Apo ndiye zinandithera. Ndinasiya silaidi osakoka.

"Lekani nikuoneseni kuti ine sininaononge chilichonse!" ndinakuwa, n'kukhudza thiriga.

Kulira kwa mfuti m'kachipinda kotseka, usakuyembekezera, sikumveka m'makutu mokha. Kumamveka m'mano. Mchenga unadumpha mu mgolo n'kuwaza ovolosi ya ba Chanda, amene anaima sitepe imodzi yokha kuchoka pamenepo. Silaidi inabwerera theka n'kuima, chigoba chitakanirira pakamwa pake, kautsi kakutuluka. Ndinayang'ana dzanja langa. Linali litaloza ku mgolo. Sindikumbuka kuti ndinalitembenuza liti. Miyezi yonse ija ya ndodo yamkuwa ndi imene inalitembenuza, mutu wanga uli kwina.

Ba Safari anali atakhala pansi, pa simenti penipeni, suti ya safari ndi yonse. Dalaivala anasuzumira pakhomo, ba Chanda n'kumuuza modekha kuti tikuyesa mfuti. Kenako anabwera, anandilanda pisitoli mwaulemu ngati akulandira mbale, anakoka silaidi, anayang'ana, analowetsa kachala, n'kuiika pansi.

Anafotokozera bwanayo zimene zinachitika. Mafuta ophikira akakhalitsa amauma n'kusanduka phula. Mfuti yotchipa, ya mipata yambiri, mwina ikanapirira. Iyi yogwirana bwinoyi inalephera kutseka silaidi mpaka kumapeto, chipolopolo chachiwiri chili kale m'chemba, ndiye chifukwa chake inakana ku famu. Kuchotsa magazini sikunachotse chipolopolocho. Pamene anaiponya pa kauntala paja, silaidi inamaliza kutsekeka.

"Nayenda nayo mu thumba kuchoka ku famu," anatero ba Safari ndi mawu ang'onoang'ono. "Dzulo bana benze kuiseweresa pa tebulo." Kenako anafunsa, "Manje ndalama zonse zija ninalipira chani?"

"Munalipira nsimbi yabwino," anatero ba Chanda akugwira chitsulo cha pisitoliyo. "Yachita vonse vamene banaipangira. Manja yosunga sitigulisa."

Bwanayo atapita ndinayamba kuvula ovolosi, chifukwa ndinkadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinkaganiza kale mmene ndikawauzire amayi kuti nako kuntchito andithamangitsa ngati kusukulu. Ba Chanda anandiponyera sefa ya waya.

"Uyenda kuti? Sefa mchenga, unipezere chipolopolo."

Ndinasefa mgolo wonse mpaka dzuwa kupendeka. Ndinapeza zipolopolo zambiri zakale zakuda, ndi chimodzi chowala, chophwanyika kumutu. Nditawapatsa anachitembenuza m'manja n'kundibwezera.

"Lamulo imozi wasunga, ndiye chifukwa nikali moyo. Imozi wataya chifukwa munthu akutukwana. Miyezi itatu sugwira mfuti. Uzapyanga na kusuka nsanza."

Ndinasesa miyezi itatu osadandaula, chinthu chimene amalume sanachikhulupirire mpaka anabwera kudzaona okha. Pisitoli ija ba Chanda anainyika m'palafini masiku awiri, inayambanso kuyenda ngati yatsopano. Mwini wake sanaitengenso. Anapempha kuti igulitsidwe, ndipo inapita kwa mkulu wina wa kalabu ya owombera chandamale, amene ankaigwiritsa ntchito Loweruka lililonse n'kuitsuka yekha madzulo ake. Kwa ameneyo ndalama zake sizinapite pachabe. Ankatha kukuuza kusiyana kwa thiriga yake ndi ina atatsinzina.

Ndinakhala ndi ba Chanda zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu akamva kuti ndinagwirapo ntchito ya mfuti amakonda kundifunsa ngati pisitoli yodula ndi yoyeneradi mtengo wake. Ndimawauza kuti chitsulocho n'choyenera, ndinachiona mkati ndi maso anga. Koma chimafuna mwini woleza mtima, wochisamala, wosachita manyazi kuyang'ana m'chemba ngakhale akudziwa kuti mulibe kanthu. Kwa munthu wongofuna kuti anzake amuone nayo, kapena wa mtima ngati wanga, thiriga yofewa ija ndi tsoka logula ndi ndalama zambiri.

Yanga ija ndinalumbira sindinaigule, ngakhale pamene ndinayamba kupeza bwino. Kasitolo kaja kanatsekedwa kalekale, ba Chanda anabwerera ku Kopala, ndipo ndimawasowa pamodzi ndi kawailesi kawo. Chipolopolo chija ndinachiboola n'kuchimangirira ku makiyi. Mtima sunasinthe kwenikweni, umapsabe. Koma munthu akanditukwana, makutu akayamba kutentha, dzanja limalowa lokha m'thumba, chala n'kukhudza pamutu pophwanyika paja, ndipo ndimayamba ndayang'ana kaye.